Funsani Makaniko: Ma CV akungotha pa pikapu yanga, ndigule ati?

Mwezi uno makalata ambiri abwera okhudza ma CV, majoyinti a pa shafuti yomwe imazungulitsa tayala lakutsogolo, ndipo nzosadabwitsa chifukwa mvula yangotha kumene, matope a dzinja ndi amene amaulula buti (raba yophimba joyinti ndi kusunga girizi) iliyonse yomwe inali ndi kamng'alu. Ndasankhapo anayi.

FUNSO: Akulu a makaniko, ine ndine mlimi komanso ndimagula soya ndi mtedza kuno ku Ntchisi, ndili ndi Hilux Vigo 4x4 ya 2007 ija ya D-4D. Vuto langa ndi CV yakumanja. Chaka chatha inayamba kulira kuti ka-ka-ka ndikamakhota, makaniko wanga anati tingosintha shafuti yonse, nde ndinapita ku Lilongwe nkukagula yatsopano pa shopu ina mtengo wake unali wabwino ndithu, koma miyezi inayi yokha buti yang'ambika girizi mbwee mkati mwa tayala. Ndinagulanso ina pa shopu ina, iyoyo nde ikunjenjemeretsa galimoto yonse ndikaponda moto pokwera chitunda makamaka ndikanyamula matumba. Pano ndatopa, ndalama zikungothera pamalo amodzi ndipo nyengo yogula mbewu yayandikira. Shafuti yoyamba ija yobwera ndi galimoto ili kuseri kwa nyumba ana amaseweretsa. Ndigule mtundu wanji woti ukhalitse? (Owerenga, Ntchisi)

YANKHO: Bambo, musanapitirize kuwerenga pitani kaye kuseri kwa nyumbako mukatenge shafuti ija kwa anawo, muipukute muisunge pouma. Ndikunena zoona, mwa mashafuti atatu omwe mwawatchulawa yomwe ili ndi chitsulo chabwino kuposa onse ndi imeneyo, ndipo mwayi ulipo woti mbali yake yamkati ndi ndodo yake zikadali bwinobwino, chomwe chinatha ndi joyinti yakunja yokha.

Ndifotokoze kaye mmene chinthuchi chilili kuti mumvetse chifukwa chomwe ndikunenera chonchi. Shafuti imodzi ili ndi majoyinti awiri. Yakunja, ya kutayala, mkati mwake muli timipira tachitsulo 6 tomwe timayenda m'mizere titagwiridwa ndi keji (kachitsulo ka zibowo kotisunga m'malo mwake), kapangidwe kameneka anakatulukira ndi injiniya wa ku Ford wotchedwa Alfred Rzeppa m'zaka za m'ma 1920 ndipo mpaka lero ndi komwe tikugwiritsabe ntchito, imatha kupindika mpaka madigiri pafupifupi 45 uku ikuzungulitsa tayala ndichifukwa chake mumatha kukhota uku galimoto ikukoka. Yamkati, ya kudifu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala awiri), pa Vigo ndi tripod, ili ndi miyendo itatu yokhala ndi marola, iyo sipindika kwambiri koma imalowa ndi kutuluka kuti shafuti izitalika ndi kufupika tayala likamakwera ndi kutsika m'maenje. Nde kulira kwa ka-ka-ka pokhota ndi joyinti yakunja, pomwe kunjenjemera mukaponda moto nkusiya mukachotsa phazi, kumeneko nthawi zambiri ndi yamkati. Shafuti yanu yachitatuyi ikunjenjemera ili yatsopano chifukwa tripod yake anaipanga molekerera, muli mpata womwe sumafunika, ndipo zimenezi sizidzatha zokha olo muyende nayo miyezi ingati.

Chomwe anthu ambiri sachimvetsa nchakuti CV yobwera ndi galimoto siifa ndi ukalamba kawirikawiri. Imafa ndi buti. Raba ija ikang'ambika girizi amatuluka, fumbi ndi madzi nkulowa, mchenga ukasakanikirana ndi girizi wotsalayo umakhala ngati phala lonolera zitsulo, ndipo pa msewu ngati wanuwo wa fumbi chilimwe matope dzinja, masabata ochepa okha mizere ija yadyeka. Komanso Vigo zambiri zilibe ma free hub (zida za pakati pa tayala zolekanitsa tayala ndi shafuti), kutanthauza kuti mashafuti akutsogolo amazungulira nthawi zonse olo muli mu 2H (pomwe akukoka ndi matayala akumbuyo okha) pa tala, nde buti yake imagwira ntchito kilomita iliyonse yomwe galimoto yayenda. Inuyo munamva ka-ka-ka chaka chatha koma buti inali itang'ambika kalekale, mukanaiona nthawi imeneyo bwenzi mutangogula raba ndi girizi basi.

Tsopano za kugula. Mashafuti athunthu otchipa aja omwe adzadza m'mashopu, vuto lawo lalikulu lili pawiri, chitsulo chake sanachilimbitse mokwanira m'mizere moyenda timipira muja, ndiye raba yake ndi yosachedwa kuuma, dzuwa ndi kutentha kwa kuno imayamba timing'alu m'makwinya miyezi yochepa. Ena girizi amaikamo wongonyengerera, ndinatsegulapo ina yatsopano yochokera m'bokosi ndinapeza girizi wosakwana ndi theka lomwe. Pa kagalimoto kakang'ono koyenda m'tauni mwina mukhoza kupulumuka nayo chaka, koma pikapu yonyamula matumba a soya kukwera zitunda za ku Ntchisi ayi.

Ine ndikanakhala inu ndikanachita chonchi. Shafuti yakale ija mupite nayo kwa makaniko aimasule yonse, atsuke ndi parafini mpaka iyere, muyang'ane limodzi pa dzuwa. Ngati kapu yomwe tripod imayendamo mkati mwake muli mosalala, chikhadabo sichikukodwa pomwe marola amayenda, ndipo marolawo akuzungulira bwino osagwedera, mbali imeneyo ndi yamoyo. Ndodo muigubuduze pa tebulo lathyathyathya muone ngati siinapindike, muonenso mano ake ngati sanadyeke kapena kuchita dzimbiri nthawi yomwe yakhala panjayi. Zikakhala bwino mungogula joyinti yakunja yokha yabwino ndi mabuti awiri abwino, mubwezere pa ndodo yomweyo. Ndalama yake mwina ifanana kapena kuposa pang'ono ya shafuti yotchipa ija, koma mudzaiwala za CV kwa zaka.

Mayina omwe ine ndimawadalira pa majoyinti ndi GKN, omwenso amagulitsa m'mabokosi olembedwa Löbro kapena Spidan, NTN, ndi HDK ya ku Japan. Pa mabuti, kiti ya Toyota yeniyeni ndi yomwe ndimaika patsogolo pa Vigo, imabwera ndi makilampu ndi girizi wake womwe, ndipo mukaona mtengo wake poyerekeza ndi shafuti yonse ya kwa dila muona kuti ndi pomwe ndalama yanu ikugwira ntchito. Mukaisowa, Maruichi kapena Seiken ndi raba zabwino za ku Japan. Koma chenjerani, dzina likatchuka feki imachuluka, bokosi lofiira lolembedwa Toyota aliyense akhoza kusindikiza. Gwirani rabayo ndi manja anu, muipinde mutambasule makwinya, yabwino imakhala yokhuthala mofanana mbali zonse ndipo imabwerera yokha, yafeki ikapindidwa imayera pamakwinya ndipo mizere ya chikombole imaoneka ya nyenyeswa. Ndipo ngati akukuuzani kuti ndi orijino koma mtengo ndi theka la kwa dila, dziwani kuti si orijino.

Ngati shafuti yakale ija yapezeka kuti yatheratu, njira yachiwiri ndi kusaka orijino yochotsa pa Vigo ina yomwe inachita ngozi, bola ngoziyo isakhale ya mbali imeneyo. Muione mabuti ake ali athunthu ndi makilampu a kufakitale, muipinde ndi manja imveke yolimba osati yolobodoka, nde musanaimange musinthe mabuti onse ndi girizi chifukwa rabayo ndi yazaka ngati yanu yomwe. Yathunthu yatsopano ya kwa dila ndiye palibe chokayikitsa, vuto ndi thumba basi.

Chilichonse chomwe mugule, pitani ndi chesisi nambala ya pa bulubuku komanso chitsulo chakale chili m'manja, osangonena kuti "ya Vigo". Muwerenge mano a mbali ya kutayala, a mbali ya kudifu ndi a pandodo pomwe joyinti imalowa, muyeze kutalika mutaziika pambalipambali, muonenso posalala pomwe siili imagwira ngati mpofanana kukula. Kusiyana kwa dzino limodzi lokha kumachititsa kuti chitsulocho chisalowe, ndipo kusiyana kwa mamilimita ochepa ndi komwe kumachititsa kuti difu iyambe kudontha oyilo kapena tripod izigunda kumapeto kwa kapu.

Pomanga pali zinthu zomwe ndikufuna muimirire pompo muzione ndi maso anu, chifukwa katundu wabwino amaonongekeranso m'manja mwa womanga. Girizi wa CV si girizi wa mabering uja wachikasu wa m'chitini, joyinti yakunja imafuna wa moly, wakuda motuwira, ndipo tripod ili ndi wake wofewerapo, kiti yabwino imabwera ndi onse awiri nde asasakanize kapena kusinthanitsa, ndipo afinyiremo paketi yonse osasungako wina. Asanachotse tripod pa ndodo aike chizindikiro ndi penti kuti ibwerere momwe inalili. Mano a ndodo awakulunge ndi tepi polowetsa buti kuti asaicheke. Asanatseke kilampu yomaliza atukule mlomo wa buti pang'ono mpweya ulowe kapena kutuluka, buti isakhale yofufuma kapena yophwafuka, ikakhala yophwafuka makwinya amakhulana okhaokha mpaka kuboola. Makilampu akhale achitsulo aja otsina ndi pulayala yake. Nati yaikulu ya pa habu amange ndi torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira), pa Vigo ndi 235 Nm, aike pini yatsopano, osati kukwera pa paipi nkumadumphira chifukwa nati yomweyo ndi yomwe imagwira bering ya tayala. Poti shafuti yalowa ndi kutuluka katatu konse pa difu imeneyo, sinthaninso siili ya oyilo ndipo muonjezere oyilo wa difu afike pa mlingo.

Chomaliza kwa inu bambo, mayendetsedwe. 4x4 ya Vigo ndi yogwiritsa ntchito poterera pokha, mukafika pa tala kapena pa nthaka youma yolimba bwererani mu 2H, apo ayi matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana ndipo mphamvu yonseyo imathera m'ma CV ndi mu transfer, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Mukatitimira m'matope ndi katundu, musakhotetse chiwongolero mpaka kumapeto uku mukuponda moto wonse, makamaka mu rivesi, pamenepo ndi pomwe keji imasweka olo ikhale orijino. Wongolani matayala, tsitsani matumba angapo, kumbani.

FUNSO: Zikomo chifukwa cha tsamba lino limatithandiza. Ine ndi mayi wa bizinesi ya nsomba, ndimayenda Mangochi ndi Limbe pa Nissan Hardbody 4x4 yomwe anandisiyira malemu bambo a kunyumba. Buti yakunja yang'ambika sabata yatha koma sikukulira chilichonse. Mnyamata wina wa pa galaja akuti andiikira buti yodula pakati ija yomata ndi guluu kuti asavutike kumasula, ndipo pakadali pano wamangapo pepala la pulasitiki ndi malegeni. Kodi ndilole? (Mayi wa ku Mangochi)

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kwambiri kuiona isanayambe kulira, apa joyinti yanu ikhoza kupulumuka. Pulasitiki ndi malegeni nzongokufikitsani ku galaja, musapite nazo ulendo wina wa ku Limbe, ndipo mchenga wa kunyanja uko ndi woopsa kuposa fumbi wamba. Ngati galimoto yanu ili ndi ma free hub otembenuza ndi manja aja, aikeni pa FREE kandodo kosinthira 4x4 kali mu 2H, mukatero shafuti siizungulira ndipo joyinti siidyeka pomwe mukudikira buti.

Buti yodula pakatiyo ine sindiilola pa galimoto yoyenda maulendo ngati anu. Guluu amafuna malo oyera opanda ndi kadontho ka girizi komwe, chinthu chovuta kwambiri pansi pa galimoto, ndipo msoko uja umapindika kulikonse komwe shafuti yazungulira nde mapeto ake umatseguka. Koma choipa kwambiri nchakuti poti shafuti sanaichotse, joyinti siitsukidwa, mchenga womwe walowa kale sabata yonseyi amangoutsekera momwemo. Palinso ija amati yunivesal yomwe amaikoka pa chikoni kuti idutse pamwamba pa joyinti, iyo ndiyabwinoko kuposa yodulayo koma kuti ikokeke chonchija amaipanga yopyapyala, ndi yothandiza ukasowa pogwira osati yoti uziidalira zaka.

Muuzeni mnyamatayo mwaulemu kuti mukufuna shafuti ituluke, joyinti itsukidwe, aike buti yopangira Hardbody yeniyeni ndi girizi wa moly. Poti yatuluka kale asinthe ndi yamkati yomwe, zonse zili ndi zaka zofanana ndipo ntchito yomasula ndi imodzi. Mukapeza buti yolimba ngati pulasitiki ija ya thermoplastic musaikane poganiza kuti ndi yachabe, imeneyo imapirira kukhulika ndi timiyala kuposa raba wamba, koma imafuna kilampu yomangidwa mwamphamvu ndi chida chake, waya kapena cable tie siigwira, girizi azidzatuluka m'mphepete. Raba yofewa ija nayonso waya umaidula pang'onopang'ono. Ntchito ikatha, ma habu aja muziwatseka pa LOCK kamodzi pa mwezi nkuyenda makilomita angapo kuti girizi azizungulira ndipo raba isaume ili malo amodzi.

FUNSO: Achimwene, Isuzu KB 280 yanga ya 4x4 ndinaikweza kutsogolo pomanga ma torsion bar kuti isamagunde pansi njira ya kumudzi ku Rumphi, ndinaikanso matayala aakulu. Chiyambireni mabuti amkati sakukwanitsa miyezi isanu ndi umodzi olo ndigule odula. Mabuti a masiku ano ndi achabe eti? (Owerenga, Mzuzu)

YANKHO: Achimwene, apa mabuti alibe mlandu. Pa galimoto ngati yanu difu yakutsogolo inamangidwa ku chesisi, nde mukakweza ndi ma torsion bar (ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya masipuling'i) difu imakwera pamodzi ndi galimoto pomwe matayala atsala pansi, shafuti yomwe imayenera kukhala pafupifupi yogona imakhala yotsetsereka tsiku lonse. Gwadani muyang'ane buti yamkati galimoto itaima pamalo athyathyathya, muona makwinya a mbali imodzi apanikizana akukhudzana pomwe a mbali inayo akokeka, nde shafuti ikamazungulira makwinyawo amapekesana mpaka kuboola, olo itakhala raba yabwino bwanji. Joyinti nayonso ikamagwira ntchito ili yopindika chonchi imatentha ndipo imachepa mphamvu, kuonjezerapo matayala aakulu ndiye katundu wachuluka kawiri.

Bwezani ma torsion bar pang'ono mpaka makwinya asiyane, muonetsetse kuti mkono wapamwamba watsala ndi mpata usanagunde ka raba kake koimitsira, kenaka mukapangitse alayimenti. Matayala aakuluwo akupatsani kale kutalika komwe mumafuna. Ngati ili ndi ma free hub, pa tala wa M1 muziyenda ali pa FREE, muzitseka mukafika pomwe msewu wavuta. Ndipo njira za kumudzi zija za udzu wautali ndi zitsotso, mukafika muziyang'ana pansi, udzu ndi timawaya zikakulungika pa shafuti zimadula buti ngati mpeni.

FUNSO: Hilux yanga ndi yakale ija ya LN106 ya injini ya 3L. Mnzanga akuti ndisinthe ma CV buti koma ndayang'ana pansi sindikuona raba iliyonse, ndikungoona chimpira chachitsulo kuseri kwa tayala chikudontha zinthu zakuda zamadzimadzi. Nditani? (Owerenga, Mulanje)

YANKHO: Simukuiona chifukwa palibe, bambo. LN106 ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo ngati Land Cruiser 70, CV yake yomwe timaitchula kuti Birfield imakhala mkati mwa chimpira chachitsulo mukuchionacho, yotetezedwa ndi masiili a raba ndi felt omwe amapukuta chimpiracho mukamakhota. Kunyowa pang'ono ndi girizi si vuto, koma zikamadontha zamadzimadzi chonchi ndiye kuti siili yamkati ya ekiselo yatha, oyilo wa difu akudutsa nkumasungunula girizi wa Birfield, ndipo mbali inayi difu ikutsala ndi oyilo wochepa wosakanikirana ndi girizi. Nunkhizani, oyilo wa difu ali ndi fungo lake lamphamvu losasowa.

Gulani kiti yonse ya knuckle (chitsulo chomwe chaphimba chimpiracho), ikhale ndi siili yamkati ija, magasiketi, ma felt ndi mabering a kingpin (pomwe tayala limakhotera), mabering ake akhale Koyo, NSK kapena Timken, ndipo mupange mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Birfield akaitulutsa aitsuke muione, ngati keji ilibe mng'alu ndipo siimalira pokhota mu 4x4 ibwezereni yomweyo ndi girizi wa moly watsopano, musaisinthe ndi yotchipa chifukwa choti yangotuluka. Ayang'anenso pa ndodo pomwe siili imagwira ngati sipanakumbike mzere, komanso ka breather ka pamwamba pa ekiselo, kakatsekeka ndi matope mpweya ukatentha umakankha oyilo kudutsa pa siili olo ikhale yatsopano, nde akatsuke kapena kusintha. Pobwezera, mashimu (tizitsulo topyapyala) a kingpin abwerere malo omwe anachoka, apamwamba pamwamba apansi pansi, akawasokoneza ndodo siikhala pakati ndipo siili yatsopanoyo idzayambanso kudontha mvula isanabwere. Pomaliza akhuthule oyilo yense wa difu yakutsogolo aike watsopano wa GL-5.